Mbiri Yosungidwa m'Mapiri a Dedza

Munthu wocokera ku Chipata akaoloka malire pa Mwami, napitirira Lilongwe kulinga kumwera, afika m'dziko la mapiri la Dedza. Kumeneko mphepo njozizira, ndipo m'mamawa nyengo ya cisanu nkhungu idzaza zigwa, nsonga za mapiri ndi kutsala poyera monga zisumbu m'nyanja. Phiri la Dedza lokha litalika mamita 2,198. Koma mlendo wongotama kukongola kumeneku waona pang'ono cabe, pakuti mapiriwa asunga mbiri ya anthu a mibadwo yambiri.

M'dera la Chongoni muli malo 127 okhala ndi zithunzi za pamiyala, ndipo m'caka ca 2006 bungwe la UNESCO linawerengera deralo pakati pa cuma ca dziko lonse lapansi. Zithunzi zofiira, za mizere ndi zozungulira, ndizo zakale koposa. Zinalembedwa ndi Akafula, anthu osaka nyama amene Acewa anawapeza m'dzikomo. Zoyera ndi za Acewa eni ace, zopakidwa ndi cala coviika m'dothi loyera. Zina anazilemba akazi polangiza anamwali. Zina, monga za ku Namzeze, zionetsa zirombo za Nyau.

Mapiri omwewo anali linga pa masiku a nkhondo. Angoni a Maseko atakhazikika ku Domwe, midzi yambiri ya Acewa inasiya madambo acondewo nikwera m'matanthwe. Mfumu Mazengera ndi anthu ace anakhala pa Phiri la Nkhoma, ndipo patsinde pa phirilo atumiki a Dutch Reformed anamanga misyoni m'caka ca 1896. Patapita zaka zitatu, mu 1899, a mpingo womwewo anayamba nchito ku Magwero, kufupi ndi Chipata. Motero mbiri ya sukulu zambiri za kum'mawa kwa Zambia ilumikizana ndi mapiri amenewa.

Si mphunzitsi aliyense angathe kufikitsa ana ace ku Dedza. Koma zithunzi za mtundu womwewo zipezeka ku Thandwe, m'dera la Chipata, ndi ku Kalemba, m'dera la Chadiza. Mphunzitsi wofuna kupita nao ana kumalo otere ayambe wapempha cilolezo kwa mfumu, atengenso nkhalamba yodziwa za phirilo, kuti ana amve mbiri pakamwa pa mwini dziko.

Cinthu cimodzi ciyenera kucenjezedwa kolimba. Ana odziwa kulemba akonda kusiya maina ao pamwala ndi makala kapena coko, ena nathira madzi kuti zithunzi zioneke bwino. Cimene cakhala zaka mazana ambiri cingathe kuonongeka tsiku limodzi, ndipo palibe mmisiri angacibweze. Cingakhale camanyazi ngati sukulu, imene inadza kudzaphunzitsa kulemba, ndiyo idzafafaniza zolemba za makolo.