Mbiri ya Luso Loonetsa Matenda pa Nkhope

Pamene mphunzitsi akonza sewero la zaumoyo pa sukulu, kawirikawiri amafuna kuti mwana mmodzi aoneke ngati wodwala. Apo amatenga phulusa napaka pa milomo kuti ioneke youma, ndi mwaye nadetsa m'munsi mwa maso kuti aoneke olowa. Luso limeneli liri ndi mbiri yace, ndipo nkoyenera kuti mphunzitsi aidziwe asanagwire phulusalo.

Boma la Lilongwe lisanakhazikitsidwe m'caka ca 1904, pamalo pamene lero pachedwa Old Town, Acewa a m'cigwa cimeneci anali odziwa kale kusandutsa maonekedwe a munthu. Pa cinamwali anamkungwi ankalemba mawanga pathupi la namwali, ndipo m'gule wamkulu munali nkhope zosonyeza ukalamba, kupunduka ndi kudwala. Zipangizo zace zinali za pamudzi pomwe: dothi loyera, katondo, makala ndi phulusa. Nkhope yotere inali ndi mwambo wace, pakuti inkacenjeza anthu za zotsatira za makhalidwe oipa. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, kwasungidwa nkhope za gule zoposa 400. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti gule wamkulu ndi cuma ca anthu onse a pa dziko lapansi.

Ku Ulaya lusoli linakula ndi asing'anga. Ku cipatala ca Saint-Louis ku Paris, kuyambira 1867, Jules Baretta anaumba ndi phula zifanizo za nthenda za pakhungu kuti ophunzira azizindikira. Mu 1942, pa nthawi ya nkhondo yaciwiri, Eric Claxton anayambitsa gulu la Casualties Union ku England, la anthu odzola zironda zonamizira kuti opulumutsa anzao aphunzire nchito yao. Kotero cironda conama cinaphunzitsa anthu kusamala cironda ceniceni.

Nthomba, imene inasiya zipsera pa nkhope za anthu ambiri, inaoneka komariza m'Malawi mu 1971. Patapita zaka 4 Lilongwe anasanduka likulu la dziko. Maofesi a boma anamangidwa ku Capital Hill, ndi nyumba za akuluakulu ku Area 10 ndi Area 43. Koma mu 1985 munapezeka nthenda ina yatsopano m'dziko, ndiyo Edzi, imene anthu anaicha kaliwondewonde cifukwa ca kuwonda kwa odwala. Masewero anakhala njira yaikulu yophunzitsira anthu. M'zaka za m'ma 1980 gulu la masewero la Chancellor College linayendera midzi ndi nkhani zaumoyo, ndipo wailesi ya kanema itayamba mu 1999, nkhope ya wodwala inalowa ndi m'nyumba za m'tauni momwe. Mu 2001 bungwe la National AIDS Commission linakhazikitsidwa, likulu lace ku Lilongwe.

Apa mpamene lusoli linaonetsa kuopsa kwace. Nkhope yotuwa, masaya olowa ndi milomo yosweka zinagwira anthu mtima, koma zinaphunzitsanso zinthu ziwiri zabodza. Coyamba, kuti yense wowonda ali ndi kacirombo, ndipo ambiri odwala cifuwa cacikulu kapena osowa cakudya analozedwa zala. Caciwiri, kuti wonenepa ndi wosalala khungu alibe kacirombo, pamene munthu akhoza kukhala nako zaka zambiri thupi liri bwino. Boma litayamba kugawa mankhwala otalikitsa moyo mwaulere mu 2004, bodzalo linaonekera poyera, popeza anthu ambiri amene anali gone anadzuka nabwerera ku nchito zao.

Cifukwa cace mphunzitsi wanzeru asanadzoze mwana phulusa, ayambe wadzifunsa cimene nkhopeyo idzaphunzitsa. Asasankhe mwana wofooka thupi kapena wamasiye kuti akhale wodwala m'sewero, pakuti dzina lopatsidwa pa bwalo limamtsata mwana kufikira kumudzi. Asapake coko, laimu kapena utoto pafupi ndi maso a ana. Koposa zonse, sewero lisathere pa mphasa ya wodwala: ana aone munthuyo akupita ku cipatala, nasamba phulusa lija pamaso pa onse, nabwerera pakati pa anzace.