Kutsitsa ndi kukweza magalasi a galimoto ndi kiyi wa limoti

Kiyi wa limoti amadziwika ndi ntchito yokiya ndi kutsekula zitseko munthu ali chapatali, luso limene linayamba kuoneka pa galimoto ya Renault Fuego mu 1982. Koma pa galimoto zambiri za masiku ano, kiyi yemweyo amatsitsanso magalasi onse nthawi imodzi, ndipo pa zina amawakweza. Eni galimoto ambiri m'dziko muno sadziwa izi, makamaka amene anaitanitsa galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Japan, chifukwa kabuku ka malangizo kamabwera m'Chijapani kapena sikabwera n'komwe.

Kagwiridwe kake ka ntchito

Mukadina batani, kiyi amatumiza uthenga wa pamafunde a wailesi ku kakompyuta kamene kamayang'anira zitseko ndi magalasi. Kudina kamodzi n'kusiya kumangotsekula zitseko, pamene kudina osachotsa chala kumauza kakompyutako kuti kayendetse timakina totsitsa magalasi. Kawirikawiri magalasi amaima pomwe afika mukachotsa chala.

Makampani amasiyana pa zimenezi. Pa galimoto zambiri za Volkswagen, Audi ndi BMW, mumadina batani lotsekulira osalisiya kuti magalasi atsike, ndipo la kukiyira kuti akwere. Pa Ford zimene zili ndi lusoli, batani limafuna masekondi atatu. Pa Honda zambiri mumadina batani lotsekulira kamodzi, kenaka kachiwiri osachotsa chala, koma pokweza magalasi mumalowetsa kiyi pachitseko cha dalaivala, n'kumupotolera mbali yokiyira kawiri, ulendo wachiwiriwo osamusiya. Makiyi akale a Mercedes-Benz amafuna kuti muwalozetse pachogwirira cha chitseko cha dalaivala muli pafupi. Toyota zambiri zimachoka kufakitale lusoli lili lozimitsidwa, ndipo amaliyatsa ndi amakaniko amene ali ndi kompyuta yoyezera galimoto.

Phindu lake

M'mwezi wa October, pamene kutentha ku Chikwawa ndi Nsanje kumafika madigiri 40, galimoto imene yakhala padzuwa imasanduka ng'anjo. Kutsitsa magalasi musanalowe kumatulutsa mpweya wotentha, ndipo makina oziziritsa savutika kwambiri. M'dzinja namo, mvula ikakudzidzimutsani magalasi ali otsika, mungawakweze muli pakhonde, malinga galimoto ili pafupi.

Zikakanika

Choyamba kukayikira ndi kabatire ka m'kiyi, kamene nthawi zambiri kamakhala ka mtundu wa CR2032. Chachiwiri, ngati batire la galimoto linachotsedwapo, kakompyuta kamaiwala malire a galasi. Pa galimoto zambiri izi zimakonzeka pokweza galasi lililonse mpaka pamwamba ndi batani la pachitseko, n'kugwirabe batanilo masekondi angapo. Ngati zonsezi zili bwino, n'kutheka kuti galimotoyo inapangidwira dziko limene malamulo ake amakhwimitsa zokweza magalasi munthu ali patali, monga United States, kapena ilibe lusoli.

Chenjezo

Kamakina kokweza galasi kali ndi mphamvu zokwanira kuvulaza chala, dzanja kapena khosi la mwana. Galimoto zambiri zili ndi chitetezo chobweza galasi likagunda chinthu, koma sichidalirika pa galimoto yakale, ndipo chingaleke kugwira ntchito batire likachotsedwa. Musakweze magalasi pamene simukuiona galimoto, ndipo kiyi asakhale choseweretsa cha ana. Kutsitsa magalasi sichifukwanso chosiyira mwana m'galimoto yoima padzuwa.

Vuto lina ndi la kiyi wopanikizika m'thumba la thalauza kapena m'chikwama. Batani likadinika lokha, magalasi amatsika mwini wake osadziwa, galimoto n'kugona pamvula kapena kukhala chikwangwani choitana akuba. Amene amaimika galimoto pafupi ndi zenera la nyumba kapena ofesi achita bwino kuika kiyi patebulo, kapena kupempha amakaniko kuti azimitse lusoli.