Chotupa cha m'nsagwada ndi udzudzu wa kuchigwa

Mu 1958 Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni pachipatala cha Mulago ku Kampala, adalemba za chotupa cha khansa chokula msangamsanga m'nsagwada za ana. Mu 1961 iye ndi anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, adayenda pagalimoto m'zipatala za mayiko angapo, Nyasaland yomwe, kufunsa komwe nthendayi imakonda. Adapeza kuti ikuchuluka kumalo otsika, otentha ndi achinyontho, pomwe kumapiri ozizira ikusowa. Akadafunsa mayi wa ku Chikwawa kapena ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, akadawauza chomwe chimabala kumalo otere: udzudzu wa ku Dambo la Njovu ndi ku Ndindi, ndi malungo osatha.

Mu 1964 ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong adaona kachilombo m'maselo a chotupachi. Koma kachilomboka, EBV, pafupifupi tonsefe tili nako. Nanga bwanji amatupa ndi ana owerengeka?

Malungo obwerezabwereza amathamangitsa maselo oteteza thupi kuti aziswana mopitirira muyeso. M'chipwirikiti chimenecho gene yotchedwa MYC imathothoka pa chromosome 8 n'kukamatirira kwina, makamaka pa 14, ndipo imalamula selo kuswana osapuma. Selo losokonezeka chotere limayenera kudzipha lokha, ndipo lamulo lake lidalembedwa mu gene ya BIM. Apa m'pamene kachilombo kaja kamachita chiwembu. Sikafufuta chilembo n'chimodzi chomwe m'buku la DNA. Kamangochititsa kuti tsambalo limatidwe ndi tizizindikiro, tina totchedwa methyl, moti selo limalephera kuwerenga.

Imeneyi ndiyo epigenetics, liwu lomwe Conrad Waddington adapeka mu 1942. Andrew Feinberg ndi Bert Vogelstein adaonetsa mu 1983 kuti m'maselo a khansa tizizindikiro ta methyl timakhala tosokonekera. Chondipatsa mtima n'chakuti chomatidwa chimamatuka: mu 2004 America idavomereza azacitidine, mankhwala ochepetsa methyl, pa nthenda ina ya m'mafuta a m'mafupa.

Mwana wa kuchigwa sadafike pamenepo. Chake ndi ulendo wodutsa pa Thabwa n'kukwera chitunda kupita ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake adathera zaka zambiri akuchiza ana ndi mankhwala a cyclophosphamide. Akafika msanga, chotupa chimayamba kuphwa m'masiku ochepa. Ambiri amafika mochedwa, atataya masabata akuyesa dzino.