Kodi Kusambitsa Galu ndi za Azungu?

Sabata yatha ndinkasambitsa galu wanga kuseri kwa nyumba kuno ku Ulongué. Mwana wina wa m'kalasi mwanga podutsa anafa nacho chiseko: "Aphunzitsi, zimenezotu ndi za azungu!" Sindinamukalipire, chifukwa nanenso ndinakula ndikuganiza choncho, mpaka agogo anga aamuna atandikhazika pansi.

Angoni a Maseko atakhazikika kufupi ndi phiri la Domwe cha m'ma 1870, chuma chawo chinali ng'ombe. Galu ndiye ankalondera khola kuopa afisi, ndipo m'chilimwe, tchire likapsa, ankatsogolera pa uzimba. Agogo ankati galu wodzala nkhupakupa sathamanga, n'chifukwa chake mlenje ankamuzula nkhupakupazo ndi manja n'kuziponya pamoto. Utitiri ukachuluka, ankasinja masamba a ombwe, kuwaviika m'madzi n'kumusambitsa. Sopo kunalibe, koma chisamaliro chinalipo.

Nthawi ya Apwitikizi, Ulongué akutchedwa Vila Coutinho, kunabwera madibi a ng'ombe. Agogo ankaseka akamakumbukira kuti ng'ombe zikatha kulowa, anyamata ankaponyamonso agalu awo.

Nanga zinasokonekera pati? Pankhondo yomwe inatha mu 1992. Mabanja ambiri anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Munthu wobereka mwana kumbuyo, mtolo pamutu, angakumbukirenso galu? Pobwerera, makolo athu anapeza makola ali pululu, madibi ataphwa, ndipo anatanganidwa ndi kumanganso midzi. Ife tinatsegula maso n'kuona agalu oonda, a mphere, ndiye tinkayesa kuti ndi mmene zinalili kuyambira kale.

Komabe ndisakunamizeni, abale anga: ombwe ndi sopo sizichotsa chiwewe. Chimenechi chimafuna katemera, amene Louis Pasteur anayamba kubaya munthu mu 1885, ndipo pa 28 Seputembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbutsana za matendawa. Ana athu ndi amene amasewera ndi agalu kwambiri. Mwana akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Galu wozolowera kugwiridwa posamba savutanso pa tsiku la katemera.

Lolemba ndinawapatsa ana ntchito yoti akafunse agogo awo mmene ankasamalira agalu. Nanga kwanuko ankawasambitsa ndi chiyani?