Mankhwala a Mwana: Mwambo Wakale wa ku Chifunde ndi Funso la Mwana Wosakhazikika

Munthu amene achokera ku Katete, nadutsa pa chipata cha malire cha Cassacatiza ndi kulowa m'boma la Chifunde, kumpoto kwa chigawo cha Tete, akakhala ndi maso openya zinthu zazing'ono adzaona kuti makanda ambiri amene ali kumbuyo kwa amayi awo ali ndi kachingwe m'chiuno kapena m'khosi, ndipo pa kachingweko pali kamtengo kobowoledwa kapena kansalu kosokedwa bwino. Akafunsa, adzamuyankha mwachidule kuti ndi mankhwala a mwana, ndipo sadzawonjezapo mawu. Kachingweko ndi kotsala kokha ka mwambo waukulu umene unali ndi malamulo ake, oweruza ake ndi nyengo zake. Ndinaukumbukira mwambowu chaka chathachi pamene mdzukulu wathu wina, wokhala ku Johannesburg ndi mwamuna wake, anaimba foni kumudzi, mawu ali njenjenje, kunena kuti mwana wake wa zaka zisanu sakhala pansi m'kalasi, samaliza chimene wayamba, amalumpha mipando ndi kulanda mawu m'kamwa mwa anzake, ndi kuti kumeneko amuuza za vuto lotchedwa ADHD ndi za mapiritsi amene amaliziziritsa. Sanaimbire dotolo wina kapena mnzake wophunzira, koma anaimbira atsibweni ake, nati, "Malume, mwanayu ndi wanu, ndiuzeni chochita." M'mawu amenewo ndinamva zaka mazana ambiri zikulankhula.

Dziko lino la pakati pa mitsinje ya Luia ndi Kapoche linali m'manja mwa mfumu Undi, amene likulu lake linali ku Mano, ndipo ngakhale pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 linadula dzikolo pakati, ngakhalenso Undi mwini anasamukira kutsidya la malire m'zaka za m'ma 1930, kotero kuti lero mafumu athu amapita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika mwezi wa Ogasiti, lamulo la mbumba silinawoloke naye malire, linatsala m'midzi. Lamulolo linali lakuti mwana ndi wa kuchikazi, ndipo womuyang'anira pa zazikulu zonse, za moyo ndi za imfa, ndi mwinimbumba, mlongo wa amake. Bambo anali mkamwini, wolemekezeka ndithu ndi wodyetsa banja, koma sakanatha kunyamula mwana wodwala kupita naye kwa sing'anga osayamba wauza eni ake. Akatero, mwana n'kutsikira kuli chete, mlandu wake unali woopsa. Ena amauona mwambowu ngati wopeputsa abambo, ndipo pena unaterodi, koma cholinga chake chenicheni chinali chakuti chinthu chilichonse cholowa m'thupi la mwana chidziwike ndi anthu oposa mmodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mankhwalawo anali ndi dongosolo. Khanda likabadwa linali kukhala m'chikuta pamodzi ndi amake kufikira mchombo utagwa, ndipo azamba ndi amayi aakulu ndiwo anali kudziwa mizu yolisambitsira lisanaonetsedwe kwa anthu. Panali mankhwala a liwombo, opaka pamutu pamene fupa lisanatsekeke. Panali mkuzi wa m'chiuno ndi mphinjiri ya m'khosi. Panalinso kudzisunga kwa makolo kufikira tsiku lotenga mwana, kuopa tsempho. Zonsezi zinali zotchinjiriza, ndipo zinali kuperekedwa kwa mwana aliyense popanda kuzenga mlandu. Koma mankhwala ochiza anali ena. Mwana akayamba kuchita zachilendo, akulu sanali kuthamangira kukumba mizu, koma anali kuyamba afunsa chimene chachititsa: kodi ndi matenda a Mulungu, kodi wina walakwa m'nyumba, kodi ndi mzimu wa kholo umene ukufuna dzina lake litchulidwe, kapena ndi dzanja la munthu? Mayankho ena amene ula unali kupereka sindiwavomereza, ndipo ndidzanena chifukwa chake. Koma dongosolo lakuti funso liyambe, mankhwala atsatire, ndilo cholowa chimene sindifuna kuti titaye.

Nanga mwana wosakhazikika anali kumuona bwanji? Mawu omutchulira alipo ambiri, ndipo kuchuluka kwake kukusonyeza kuti makolo anali kumudziwa bwino: wopulupudza, waphuma, wojijirika, wosamva, nkhutukumve. Koma nthawi zambiri sanali kumuwerenga pakati pa odwala, chifukwa mudzi unali ndi ntchito zomuyenera. Mbuzi zinali kufuna mnyamata wa miyendo yopepuka. Mapira akayamba kucha, panali kufunika wina wokwera pansanja ndi kukuwa tsiku lonse kuingitsa mbalame ndi anyani. M'chilimwe munali kukumba mbewa, kutchera madiwa, kufula uchi ndi kusambira m'maiwe, ndipo mwana amene m'mawa anaswa mtsuko wa amake, madzulo ndiye anali kubwera ndi ndiwo. Usiku anali kugona kugowelo, kumene anyamata okulirapo anali kumuwongola mwa njira zawo, ndipo akafika msinkhu, kapena akapitirira muyeso msinkhu usanafike, atsibweni ake anali kumupereka kudambwe kuti akamve mwambo. Atsikana otere, amene kawirikawiri vuto lawo limakhala la kuiwalaiwala ndi kuyenda kwa maganizo koposa kuthamangathamanga, anali kukhala pafupi ndi agogo awo, kufikira anamkungwi atawalandira pa chinamwali.

Pano ndiyenera kunena zoona, pakuti wolemba mbiri amene atamanda makolo ake pa zonse sawalemekeza konse. Ana ambiri otere anakula ndi zipsera za mkwapulo pa zolakwa zimene sakanatha kuzipewa. Ena anatchedwa zitsiru mpaka dzinalo linawakanirira moyo wonse. Ndipo choipitsitsa, pamene ula unaloza munthu, nkhalamba zosalakwa zinanenedwa kuti zalodza mwana, mabanja napasuka. Mudzi unali ndi malo a mwana wosakhazikika, koma sunali ndi chifundo pa iye masiku onse.

Chimene chinasintha zinthu ndi benchi ndi belu. Pangano la boma la Portugal ndi mpingo wa Katolika la mu 1940, ndi lamulo la mamishoni lotsatira mu 1941, zinapereka maphunziro a ana a eni dziko m'manja mwa mamishoni, ndipo maphunzirowo anali a m'Chipwitikizi, chilankhulo chimene mwana wa ku Mualadzi kapena ku N'sadzu anali asanachimvepo pa bere la amake. Tsono taganizani mwana amene dzulo anali kuthamangitsa mbuzi m'mapiri, lero auzidwa kukhala chete maola ambiri ndi kumvera mawu amene sakuwazindikira, ndipo akatembenuka, thabwa lobowolabowola lija lotchedwa palmatória limutera m'manja. Kuyambira pamenepo kusakhazikika kunasanduka mlandu wolembedwa m'kaundula. Pambuyo pake panadza nkhondo ziwiri: ya ufulu, imene inayaka m'chigawo cha Tete kuyambira mu 1968, ndi yapachiweniweni, imene inatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992. Masukulu anatenthedwa, midzi inathawira ku Zambia ndi ku Malawi, ndipo kunabwerera mbadwo wa ana odzidzimuka ndi phokoso lililonse, osagona tulo, osatha kukhala malo amodzi, amene mphunzitsi wosadziwa mbiri yawo akanawayesa opulupudza chabe. Si mwangozi kuti pamene boma linayesa kuphunzitsa ana m'chilankhulo chawo, pakati pa 1993 ndi 1997, Chinyanja cha ku Tete chinali chimodzi mwa zilankhulo ziwiri zosankhidwa, pamodzi ndi Chichangana cha ku Gaza. Pakuti kusatchera khutu kwina kumatha pamene mwana alankhulidwa m'mawu amene amawamva.

M'zaka za m'ma 1900 zomwezo, kutali kutsidya la nyanja, mankhwala a mwana a mtundu wina anali kubadwa. Mu 1902 dotolo wa ana George Still anafotokozera anzake ku London za ana anzeru zawo ndithu koma olephera kudzigwira. Mu 1937 Charles Bradley, pa chipatala cha ana ku Rhode Island m'dziko la America, anapatsa ana 30 mankhwala otchedwa Benzedrine, ndipo anadabwa kuona kuti pafupifupi theka la iwo anayamba kukhoza m'kalasi, ngakhale mankhwalawo ndi a gulu lotsitsimutsa thupi, osati logonetsa. Mu 1944 Leandro Panizzon, wa kampani ya CIBA ku Basel, anapanga methylphenidate, amene anatchedwa Ritalin potengera dzina la mkazi wake Rita, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anali kuperekedwa kwa ana. Dzina lakuti ADHD linakhazikika m'buku la madotolo a ku America mu 1987. Ofufuza amati ana pafupifupi 5 mwa ana 100 alionse pa dziko lapansi ali ndi vutoli, ndipo limayenda m'magazi a banja. Chotero asatinamize munthu kuti ndi matenda a Azungu okha, kapena kuti ndi kulephera kwa mayi kulera. Mwa ankhutukumve a m'midzi yathu munali ena amene analidi nalo.

Mapiritsiwo amagwira ntchito, ndipo kukana zimenezi ndi kumana ana thandizo. Mwa ana ambiri amene apimidwa bwino, amachepetsa phuma ndi kuthandiza maganizo kukhala pa chinthu chimodzi kwa maola angapo, kotero kuti mwana amene anali kubwera kunyumba tsiku ndi tsiku atakalipiridwa amayamba kulawa kukoma kwa kuyamikiridwa. Koma sachiza, pakuti mphamvu yake ikatha m'thupi mwana amabwerera mwakale. Amachepetsa chilakolako cha chakudya, amachedwetsa tulo, amathamangitsako mtima, ndipo mwa ana ena amachedwetsa pang'ono kukula, chinthu chimene sichingapeputsidwe m'dziko limene ana ambiri ndi opinimbira kale. N'chifukwa chake malangizo a bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO amati mwana wosafika zaka 6 asapatsidwe methylphenidate, ndipo choyamba chikhale kuphunzitsa makolo ndi aphunzitsi njira zomulerera. Bungwe lomwelo linakana mu 2019 ndi mu 2021 kuika mankhwalawa pa mndandanda wa mankhwala ofunika koposa, ponena kuti umboni wa zotsatira zake pa nthawi yaitali sunakwane. Madotolo amafunanso kuti zizindikiro zikhale zitaoneka kwa miyezi 6 kapena kuposerapo, ndiponso m'malo oposa amodzi, kunyumba ndi kusukulu komwe, asanalitchule dzina vutolo. Ndikamawerenga malamulo amenewa ndimamva ngati ndili pabwalo la kwathu, pamene akulu akuti tiyambe tafunsa, tiitane mboni zambiri, pakuti safunsa anadya phula.

Ndipo mafunso a kuno ndi ochuluka kuposa a ku London. Kodi mwanayu anadwalapo malungo a mu ubongo? Pakuti pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anatsatira ana opulumuka ku malungo otere, napeza kuti ena mwa iwo amatsala ndi khunyu kapena ndi khalidwe lovuta limene analibe kale. Kodi akumwa phenobarbital chifukwa cha khunyu, mankhwala amene amadziwika kuti amajijiritsa ana ena? Kodi amamva bwino, kapena makutu anatuluka mafinya ali wamng'ono? Kodi magazi ndi okwanira, kapena likodzo ndi njoka za m'mimba zamutha? Kodi amapita kusukulu atadya, ndipo kodi nyengo ya fodya sagona mochedwa akusoka masamba m'chigafa? Mwana wanjala ndi mwana wa ADHD amaoneka ofanana kwa munthu woima pakhomo la kalasi, koma wina asowa phala, wina asowa dotolo. Dziko la Mozambique, pokhala ndi madotolo a matenda a maganizo owerengeka, linayamba m'zaka za m'ma 1990 kuphunzitsa akatswiri apakati otchedwa técnicos de psiquiatria ndi kuwatumiza m'maboma, ndipo kwa mayi wa ku Chifunde khomo loyamba kugogoda ndi limenelo, kapena chipatala chachikulu cha ku Tete. Piritsi logawiridwa ndi mnansi, kapena logulidwa pamsika, n'loopsa monga muzu wokumbidwa ndi munthu wosaudziwa.

Atsibweni a mdzukulu uja sanayankhe tsiku lomwelo. Anaitana alongo awo ndi agogo a mwanayo, natumizanso mawu kwa bambo wake kuti naye anene maganizo ake, chinthu chimene makolo awo sakanachita. Anakumbutsana kuti m'banjamo munali kale munthu wotere, amene sanapitirire kalasi yachiwiri koma anakhala mlenje wodziwika dera lonse, ndipo agogo aja analira pokumbukira mikwapulo imene mlongo wawoyo analandira. Tsono anaimba foni nati: "Mwana wanga, pita naye kwa dotolo wa ana amupime makutu, maso ndi magazi, iwe ndi amuna ako mukaphunzire zimene akuphunzitseni za kaleredwe kake, ndipo ndodo muisiye. Akakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, vuto likadalipo, dotolo n'kunena kuti mapiritsi ndi oyenera, usaope, ife tavomera. Koma uzimuyeza sikelo, uziona ngati akudya ndi kugona, ndipo uzitiuza." Mwezi wa Disembala mwanayo anabwera kumudzi kudzaona agogo ake, ndipo kwa masabata atatu iye ndiye anali kutsekulira mbuzi m'mawa, dzuwa lisanatuluke.