Mkuwa unabwerera, koma fosholo sinabwerere

Sabata yatha tili pa phunziro la mbiri yakale mu Fomu 4, mnyamata wina anakweza dzanja. "Aphunzitsi, ngati makina amalemeretsa dziko, bwanji agogo anga amati makina ndi amene anawalanda ntchito ku migodi?" Belu linalira ndisanamuyankhe bwinobwino. Funsoli landisowetsa mtendere, ndiye ndati ndiliyankhe potsata mbiri ya migodi ya mkuwa ku Zambia, m'dera la Copperbelt.

Migodi ikuluikulu ya kumeneko inayamba kutulutsa mkuwa m'zaka za m'ma 1930: Roan Antelope ku Luanshya, Nkana ku Kitwe, Mufulira, kenako Nchanga ku Chingola. Eni ake anali makampani awiri, Anglo American ndi Rhodesian Selection Trust. Masiku amenewo mgodi unkafuna anthu ambirimbiri. Mwala ukaphulitsidwa pansi, pankafunika amuna oudzaza m'tingolo ndi fosholo, ena okankha tingoloto, ena onyamula mitengo yochirikiza denga. Ntchitoyi sinkafuna satifiketi. Munthu ankachoka kumudzi ndi mphamvu zake zokha, n'kulembedwa.

Koma ngakhale kalelo ogwira ntchito sanali ofanana. Pamwamba panali azungu, oyendetsa makina ndi oyang'anira. Bungwe lawo, lomwe linakhazikitsidwa mu 1936, linkalimbikira kuti ntchito zaluso zisaperekedwe kwa munthu wakuda. Pakati panali makalaliki, ndipo ambiri a iwo anali ochokera kuno ku Nyasaland, ophunzira m'sukulu za mishoni monga Livingstonia. Pansi penipeni panali wa fosholo uja. Munthu wakuda ankatha kugwira ntchito pambali pa mzungu zaka zambiri, ntchito yonse n'kuidziwa, koma papepala ankalembedwabe kuti alibe luso. Choncho mawu akuti "waluso" kwenikweni ankatanthauza amene waloledwa kuphunzira. Anthu akuda ananyanyala ntchito mu 1935 ndi mu 1940, ndipo mu 1949 anakhazikitsa bungwe lawo motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu. Nkhani ya malipiro ndi ya kukwezedwa pa ntchito sinachoke pakamwa pawo zaka zonse za m'ma 1950.

Pamene Zambia inkalandira ufulu mu 1964, nzika zake zokhala ndi digiri zinali pafupifupi 100 zokha. Mu 1969 Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 aliwonse a migodi, ndipo mu 1982 migodi yonse inakhala pansi pa kampani imodzi ya ZCCM. Anyamata ambiri anaphunzitsidwa zaumisiri, ena anatumizidwa kunja. Wogwira ntchito, ngakhale wapansi, ankapatsidwa nyumba, chipatala ndi sukulu ya ana. Mu 1976 migodi inali ndi antchito oposa 60,000.

Tsoka ilo, mtengo wa mkuwa unali utagwa kale mu 1975. Ndalama zogulira zipangizo zatsopano zinasowa, ngongole zinachuluka. Dziko lomwe linkatulutsa matani oposa 700,000 pachaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 linatsika kufika pafupifupi matani 250,000 mu 2000. Boma la Frederick Chiluba linagulitsa migodi pakati pa 1997 ndi 2000, ndipo pofika 2001 antchito anatsala pafupifupi 20,000.

Apa tinene zoona, anzanga. Ntchito zimenezi sizinadyedwe ndi makina. Zinadyedwa ndi kugwa kwa mtengo, ngongole ndi kayendetsedwe kolakwika. Nkhani ya makina ikubwera pambuyo pake, zinthu zitayambanso kuyenda bwino.

Mtengo wa mkuwa utayamba kukwera cha m'ma 2004, eni atsopano anathira ndalama zambiri m'migodi. Koma ndalamazo anagulira makina. Pansi pa nthaka panalowa makina obowola ndi odzaza miyala, ogwiritsidwa ntchito ndi munthu mmodzi. Kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo kunatsegulidwa migodi yokumba kuchokera pamwamba: Kansanshi pafupi ndi Solwezi mu 2005, Lumwana mu 2008, kenako Sentinel ku Kalumbila. Kumeneko galimoto imodzi imanyamula matani oposa 150 ulendo umodzi. Tangoganizani amuna angati a fosholo akanafunika kuti asunthe katundu wotere. M'zaka za m'ma 2010 Zambia inabwereranso pa matani oposa 700,000 pachaka.

Ntchito nazo zinachulukako, zimenezo sitingakane. Koma zinagawika pawiri. Makaniko, katswiri wa magetsi, injiniya ndi woyendetsa makina akuluakulu, onse okhala ndi mapepala, anayamba kulandira malipiro abwino ndipo makampani ankawafuna. Wopanda mapepala, akapeza mwayi, ankalembedwa kudzera mwa makontilakita, pa kontilakiti ya miyezi yowerengeka, malipiro ochepa, wopanda nyumba kapena chipatala cha kampani monga kale. Onjezani apo kuti anthu m'Zambia anali pafupifupi 5 miliyoni mu 1976, pamene kalembera wa 2022 anapeza 19.6 miliyoni. Ofuna ntchito anachuluka, khomo la osaphunzira likucheperachepera.

Nanga achinyamata otsalawo anapita kuti? Ku Kitwe kuli chimulu chachikulu cha zotsalira zosungunulira mkuwa, chomwe amachitcha Black Mountain. Kumeneko anyamata ankakumba ndi piki ndi fosholo, kufunafuna timiyala toti agulitse. Mu June 2018 mbali ina ya chimulucho inagumuka n'kupha anthu osachepera 10. Fosholo yomwe agogo awo ankalandira nayo malipiro ndi nyumba inatsala yokumbira padzala.

Ndiye yankho langa kwa mnyamata uja ndi ili: agogo ako sananame, koma sananene zonse. Makina amachulukitsa chuma, ndipo amachipereka kwa amene adziwa kuwagwiritsa ntchito. Kale malire pakati pa waluso ndi wopanda luso ankaikidwa ndi khungu. Masiku ano amaikidwa ndi sukulu, ndipo sukulu imatengera thumba la makolo, mtunda wochokera kumudzi, ndiponso ngati labu ili ndi zipangizo. Zonsezi ndi anthu amene amazikonza, osati makina.

Kuno kwathu tikumva za miyala ya mtengo wapatali ku Kasiya ndi ku Kangankunde, ndipo ambiri akuyembekeza ntchito. Migodi imeneyo sidzafunsa kuti mwana wanu ali ndi mphamvu zotani. Idzafunsa satifiketi. Tikapanda kulimbikitsa masamu, sayansi ndi makoleji a zaumisiri lero, ntchito zabwino zidzatengedwa ndi obwera, ana a eni nthaka ali pageti kudikira ganyu. Makolo anzanga ndi aphunzitsi anzanga, inu mukuiona bwanji nkhaniyi?