Chiletso cha Khoti Si Chikalata cha Malo

Zaka zoposa 100 zapitazo, anthu a pa Mwenilondo ndi midzi ina ya ku Karonga ankalima minda imene pa pepala inali ya kampani. Kuyambira mu 1892, bwanamkubwa Harry Johnston ankapereka kwa azungu zikalata za umwini wa malo, ndipo African Lakes Company inapata pafupifupi dera lonse la North Nyasa. Malowo anadzagwera m'manja mwa British South Africa Company, yomwe inawasiya mu 1936 n'kungosungako ufulu wa migodi. Ankhonde sanasunthe pa nthaka ya makolo awo, koma cholembera cha atsamunda chinawasandutsa alendo kwawo komwe.

Zikalatazo zinali ndi mawu oletsa kusokoneza midzi imene inalipo kale. Mu 1903, pa mlandu wa kampani ya Blantyre and East Africa kum'mwera kwa dziko lino, woweruza Nunan anagamula kuti eni midzi yotere satayika ufulu wawo chifukwa choti mzungu wagula malowo. Chigamulochi chinaonetsa kuti wofuna kuthamangitsidwa angathe kumvedwa ku khoti, ngakhale kuti thangata anapitirirabe kwa zaka zambiri.

Dziko litalandira ufulu, lamulo la malo la 1965 linagawa nthaka patatu: malo a boma, malo a munthu payekha, ndi malo oyang'aniridwa ndi mafumu. Nkhalango zotetezedwa ndi malire a misewu ngati wa M1 zili m'gulu loyambalo, ndipo womangapo popanda chilolezo amatchedwa wolowerera. Malamulo aakulu a 1994 anapatsa munthu wotere chishango. Gawo 43 limalamula kuti boma lichite zinthu motsata lamulo ndi mwachilungamo, ndiponso kuti lipereke zifukwa zake molemba.

Chishangochi chinaoneka mphamvu ndi malire ake pa phiri la Soche mumzinda wa Blantyre. Anthu osowa pokhala anakwera m'phirimo n'kumanga m'malo otetezedwa. Khonsolo itafuna kuwasamutsa, iwo anakatenga chiletso ku khoti, ndipo nkhaniyo inakhala ikukokana. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula phirilo, matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. M'dziko lonse anthu oposa 600 anamwalira. Chiletso chinaimitsa akhonsolo, koma sichinapatse anthuwo umwini wa malo kapena kwina kotetezeka koti apite.

Maulama a Chisilamu anaisinkha kale nkhani imeneyi. Shariya imazindikira kuti woukitsa nthaka yakufa, yopanda mwini, angathe kukhala mwini wake. Imamu Abu Hanifa anaika lamulo loti payenera kukhala chilolezo cha wolamulira, pamene Imamu Shafi sanaone chilolezocho kukhala chokakamiza. Onse awiri anagwirizana kuti malo opatulidwira anthu onse, monga njira ndi msipu wotetezedwa, sangasanduke a munthu mmodzi. Khalifa Umar, Allah asangalale naye, anapatula msipu wa ku Rabadha kuti ukhale wa ziweto za zakaati.

Lero malamulo a malo a 2016 amalola banja kulembetsa malo amene linalandira kwa mfumu kuti likhale ndi chikalata chake. Mabanja a m'mbali mwa nyanja, kumene madzi osefukira amakankhira anthu kumtunda chaka ndi chaka, ayenera kufunsa kwa mfumu ndi ku ofesi ya za malo asanaumbe njerwa. Naonso aboma, pofuna kusamutsa anthu, ayambe aonetsa kumene anthuwo akagone, pakuti ambiri olowerera malo amathawa umphawi ndi madzi.